Malipiro a Mayi Chisale, Oyendetsa Ngolo

Komiti ya Kilabu ya Alimi ya Tikoleraneko
Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Shedi ya mtedza, Magodi, Lundazi
Opezeka: Luckson Zimba (wapampando), Kenan Mtonga (msungichuma), Tryphena Nyirenda (mlembi), Monica Ngwira, Uchizi Mbale, ndi Mayi Esitere Chisale (oitanidwa)
Osapezeka: Ronnie Lungu (akuti njinga yaphulikanso tayala)

1. Kutsegulira

Msonkhano unayamba 9 koloko m'mawa. Mayi Ngwira anapemphera, nakumbukira malemu Fanuel Chisale, oyendetsa ngolo ya kilabu, amene tinawaika m'manda mwezi watha. Imfa yawo ikutiwawabe tonse.

2. Ntchito ya ngolo

Wapampando anati chifereni ziwalo a Fanuel chaka chatha, ngolo akhala akuyendetsa ndi akazi awo, Mayi Esitere. M'mawa uliwonse mayiwa ankakweza amuna awo pangolo, kuwatsamiritsa pathumba la mankhusu kuti asatsale okha m'nyumba, kenako n'kumanga ng'ombe pagoli kukatuta mtedza m'minda. Malipiro ankatuluka m'dzina la a Fanuel.

Msungichuma anati tsopano mayiwa alembedwe m'dzina lawo, ndipo mwa lamulo la kilabu mkazi amalandira theka la malipiro a mwamuna. Anati ogula mtedza atsitsa mtengo, thumba la ndalama la kilabu lauma, ndipo m'mafamu monse amatero. Zonsezi ananena akuyang'ana kudenga.

Mayi Ngwira anafunsa kuti, "Ba Kenan, kansi matumba anapepuka pamene Fanuel anamwalila? Olo ng'ombe ndiye zabwela kudandaula?" Msungichuma anayamba kufunafuna magalasi, omwe anali pamphuno pawo.

Mayi Esitere anati ndi theka sangathe kulera ana kuno. Adzayenera kubwerera kwawo ku Kasungu, manda a amuna awo n'kutsala opanda wolambula.

Wapampando, mwa chifundo chawo, anapeza njira yachidule. Anati, "Amama, dzina la Fanuel tisacotse. Muzilandila monga kale, palibe azakamba." Ambiri anavomera ndi mutu, poganiza kuti nkhani yatha.

Mayi Esitere anaimirira, nakonza duku lawo lakuda. Anati, "Zikomo, abambo. Koma amuna anga, bambo a Madalitso, andigwirira ntchito chaka chathunthu ali chitsamirire pathumba lija. Anatopa. Asiyeni agone. Lembani ineyo. Likakhala theka, ndiuzeni pamaso."

Mlembi anaima kaye kulemba chifukwa pepala silinkaoneka bwino.

Patapita nthawi Msungichuma anamina, n'kunena kuti, "Yayi, amama, pamaso panu ine siningakwanise. Lamulo ili n'nalipeza cabe." Iwo omwewo anapereka ganizo lakuti malipiro azitsata ntchito, osati amene waigwira. Bambo Mbale anatsutsa. Anati zikatero amayi osenda mtedza nawonso adzafuna zomwezo, ndipo amuna sakwezeredwa chaka chino. Mayi Ngwira anati Bambo Mbale amva bwino ndithu.

Chigamulo: anayi anavomera, mmodzi anakana. Mayi Esitere Chisale alembedwa ntchito m'dzina lawo pa malipiro athunthu. Nkhani ya amayi osenda mtedza ipita ku msonkhano wa mamembala onse, ndipo Bambo Mbale alonjeza kuti kumeneko sadzakhala chete.

3. Zina ndi zina

Bambo Mbale anadandaula za makoswe m'shedi. Anapemphedwa kubweretsa mphaka amene analonjeza chaka chatha.

Mayi Esitere anapempha kunyamuka msanga popeza ng'ombe zinali zisanamwe. Ali pakhomo anatembenuka, napempha kuti thumba la mankhusu lija, ngakhale ndi la kilabu, lisachotsedwe pangolo. Msungichuma, amene thumba long'ambika lomwe siliwadutsa, anati thumba limenelo iwo sanalionepo.

4. Kutseka

Tidzakumananso Loweruka, 12 Julaye, m'shedi momwemo. Msonkhano unatha 11 koloko ndi pemphero la Msungichuma, lomwe linali lalifupi kwambiri.

Luckson Zimba, Wapampando
Tryphena Nyirenda, Mlembi