Mukaone Zikope za Nelly

Ndirande, Blantyre
14 Okutobala 2019

Okondedwa Amama,

Monire amama. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Mlowe, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani pokwera chitunda cha ku tchalitchi. Kuno tilipo. Azakhali a Mabel akundisungabe bwino, kungoti kutentha kwa mwezi uno kwatifoola tonse. Ntchito yosoka ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo mayunifolomu a sukulu ndiwo akutidyetsa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni mumangoti ndibwereze, chifukwa milomo yangayi imameza mawu. Komanso foniyo ndi ya akazi a achimwene a Amock, ndipo inu mukudziwa kuti makutu a alamu angawo amamva ndi zimene sizinanenedwe. Nkhani iyi ndi ya ife awiri. Mu emvulopumu mupezanso kapepala kakuda koyerayera. Musakataye poyesa kuti ndi chithunzi chowonongeka, chimenecho ndi tsaya langa.

Mwezi watha maso anandifiira kwambiri, akuwawa ngati mwalowa mchenga, moti ulusi sumalowanso pa singano. Azakhali anandikakamiza kupita ku chipatala chachikulu. Dokotala wa maso anandiuza kuti nditsinzine mwamphamvu. Ndinatsinzina mmene ndimathera, koma iye anatsegula zikope zanga ndi chala chimodzi, osavutika n'komwe. Anati ndiimbe mluzu, ndinakanika. Anati nditupitse masaya, mpweya unangothawa. Atati ndikweze manja pamwamba pa mutu, manjawo analekeza pa mapewa. Pamenepo dokotalayo anasiya zolemba, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananditumiza kwa madokotala ena amene akufufuza za matenda a minofu.

Kumeneko anandigoneka pafupi ndi makina omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Ndinawauza kuti ine ndilibe pathupi, ndipo ndikanakhala napo sipakanakhala kumaso. Iwo anaseka. Inenso ndinaseka, koma monga mwa masiku onse palibe anaona.

Anandipaka mafuta ozizira, oterera ngati phala la kondowole, n'kumayendetsa kachipangizo konga sopo pa masaya, mozungulira milomo, m'mbali mwa maso ndi pa nsagwada. Sizipweteka. Dokotala wake, mayi wofatsa, anayamba wakaika pa tsaya lake lomwe kuti ndione kusiyana. Anati mnofu wamoyo umaoneka wakuda pa galasi la makinawo, ndipo wake unalidi wakuda ndi wonenepa. Atakaika pa langa, panangoti mbuu ngati phulusa, kamzere kopyapyala. Anandilozera mnofu umene umakoka milomo munthu akamamwetulira, ndi wina umene umatseka diso. Anati yonse iwiri yakhala ikutha kuyambira ndili mwana, ndipo m'malo mwake mwalowa mafuta. Ya nsagwada yokha ndiyo anaipeza yakuda bii, yamphamvu. Ndiye musadabwenso kuti mutu wa nsomba ya batala sunandikanikepo.

Dzina la matendawa ndi la Chingerezi, lalitali, ndipo alilemba kuseri kwa chithunzicho. Akuti tanthauzo lake ndi kutha kwa minofu. Ndinafunsa za mankhwala. Anandiuza mosabisa kuti ochiritsa palibe, kuno ngakhale kunja. Andipatsa odontheza m'maso ndi pulasitala womata zikope pogona, ndipo ndizipitako miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuti aziona mmene ikuthera. Matendawa amayenda pang'onopang'ono, kuchoka kumaso kupita m'mapewa. Sindikudziwa kuti ndidzasoka mpaka liti.

Kenako anandifunsa ngati kwathu kuli wina wa nkhope ngati yanga. Amama, ndinalira. Ndinakumbukira malemu adada, mapewa awo otulukira kumbuyo aja, ndi mmene anasiyira kupalasa bwato anzawo akadali amphamvu. Ndinakumbukira kuti asodzi onse a pa doko ankaitanirana ndi mluzu, koma iwo okha ankamenya nkhafi pa bwato. Ndinakumbukiranso kansalu konyowa kamene munkawaphimba nako kumaso akagona masana pansi pa mango, ndipo ndikakufunsani munkati n'koingitsa ntchentche. Munkabisa maso awo kwa anthu odutsa. Anamwalira anthu akuwanena kuti anakhwimira nsomba ndipo zinawabwerera. Dokotala akuti anali matenda omwewa, ndipo ine ndinatengera kwa iwo.

Sindikukusungirani mangawa chifukwa cha masiku aja munkanditsina tsaya alendo akabwera, kuti ndisekeko. Munkafuna kuti anthu andikonde. Ndikungofuna mudziwe kuti nthawi zonse zija ndinkaseka ndithu.

Tsopano mumvetsa zimene zinachitika ku Rumphi Boma. Apongozi anayamba kundida pa chithunzi cha ukwati, ati mkamwana wanji wokwinya nkhope pa tsiku lake lomwe. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinawagwadira, ndinawaphikira, ndinawachapira, koma iwo ankangoona kunyada. Ndiye kunabwera maliro a khanda la a Pamela, alongo awo a amuna anga a Horace. Titachoka kumanda masana, ndinatsamira khoma pakati pa amayi a Umanyano, Mvano wa kwathu kuja, tulo n'kundiba. Nditadzidzimuka ndinapeza onse asuntha, ndatsala ndekha pa mphasa. Akuti ndinagona maso ali pamtunda, oyera okhaokha, ndipo tsiku lonse nkhope yanga sinaonetse chisoni. Apongozi, munthu wodziwa nyimbo zonse za m'buku pamtima, ananena pamaso pa anthu kuti wogona chotere amakhala ali kwina. A Horace anangoyang'ana nsapato zawo. Sabata isanathe ndinali pa basi ndi chikwama chimodzi, ndipo mwana wanga Nelly anatsala, pakuti mwana ndi wa kuchimuna.

Chaka ndi miyezi inayi tsopano sindinamuone mwana wanga. Ndikaimba foni amati wapita kosewera.

Nditalandira chithunzichi ndinafuna kukwera basi tsiku lomwelo, ndikachiponye pa tebulo la apongozi. Iwo anagwira ntchito ku chipatala cha mishoni, pepala la dokotala sangalikane. Ndinali nditayamba kale kupinda zovala. Koma mawu ena a dokotala anandikhazika pansi. Anati mwana aliyense wa munthu wodwala matendawa akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi theka ndi theka.

Onani mmene zandipanira. Ndikaonetsa pepalali, dzina la ufiti lichoka pa ine, koma Nelly asanduka mwana wa magazi odwala. Ndikuwadziwa anthu a nyumba ija. Azimuyang'ana pakamwa akamadya, azimuyesa mapewa ndi maso, ndipo a Horace akadzabereka ana ena, sukulu yabwino idzakhala ya enawo. Ndikalibisa, ndikhalabe mfiti yosaloledwa kuponda pa khomo. Ndili ngati nsomba ya m'mono, polowera ndikupaona koma potulukira palibe. Ndikuopa, amama, ndipo ndatopa.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka lina mukwere galimoto, mukasinthe pa Chiweta, mupite ku Boma. Mutenge usipa wouma wabwino, wa pa thandala lanu. Agogo onyamula ndiwo sathamangitsidwa, ngakhale ndi apongozi anga. Musakatchule dzina langa, mukangoti mwasowa mdzukulu. Nelly akadya masana amakonda kugona pa khonde la kuseri. Mukamugoneke pa miyendo panu, mumusisite kumutu mpaka tulo timutenge kwenikweni. Ndiye mukayang'ane zikope zake. Inu mukudziwa chimene mukafune, munachiona kwa adada ndi kwa ine.

Ine ndayesetsa kukumbukira mmene ankagonera ali kumsana kwanga, koma mwana wa kumsana sumuona nkhope, ndipo pamphasa ndinkayamba kugona ndine chifukwa cha kutopa. Tsiku lina ndimakumbukira zotseka, tsiku lina ndimaona kamzere koyera. Sindikudzikhulupiriranso.

Dokotala wandichenjeza kuti ngakhale atatseka lero, sindiye kuti tapulumuka, chifukwa kwa ena zimayamba kuoneka akamasinkhuka. Choncho ulendowu sudzakhala umodzi. Ndikudziwa kuti ndikusenzetsa katundu bondo lodwala, mundikhululukire.

Mukapeza kuti maso sakutsekeka, musadikire kundifunsa. Tulutsani chithunzichi tsiku lomwelo, muwapatse apongozi m'manja, muwauze kuti awerenge kuseri. Achione iwo asanamuone mwanayo akugona, asanamupatse dzina limene anandipatsa ine. Bola azimutcha wodwala.

Koma mukapeza kuti zikope zagwirana bwinobwino, musanene kanthu. Mumwe tiyi wawo, muthokoze, mubwerere kwanu. Chithunzicho mukachiike m'Baibulo la adada. Ine dzinalo ndalisenza kale kupitirira chaka, ndikhoza kulisenzabe. Mungomuuza Nelly pa khutu kuti amayi ake akamamuyang'ana amakhala akumwetulira, ngakhale iye sanaonepo.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Amock ndi alamu anga, kwa asibweni a ku Chiweta, ndi kwa amayi onse a pa thandala. Azakhali a Mabel akuti yewo chomene chifukwa cha ufa wa kondowole uja. Mukabwerako musaimbe foni. Mundilembere, ngakhale mawu amodzi okha, ndidzamva.

Ndine mwana wanu,
Tryness NyaHarawa