Phewa la Kumanzere

Philippi, Cape Town
Lamlungu, 10 Ogasiti 2025

Amake Zakiyya,

Asalaam aleikum. Muli bwanji ku Ntajako? Miyendo ija yaleka kutupa? Nanga amayi akudya bwino? Ine kuno Mulungu akusunga, kungoti kukuzizira ndipo denga likudontha cha kumutu kwa bedi.

Polemba kalatayi tilipo awiri m'chipinda muno, ine ndi makina anga osokera. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa inu mumayesa kuti pali wachitatu.

Zakiyya sakhala ndi ine. Ndinamuthamangitsa Lachisanu pa 14 Juni chaka chatha. Lero akwana masiku 422. Ndayesa kangapo kukuuzani pafoni koma ndimalephera. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Masoud, amene akukwera basi yobwera kumudziko Lachiwiri.

Zinayamba chonchi. Titatuluka mumzikiti tsiku limenelo, a Ramazani, anzanga opemphera nawo, anandionetsa pafoni mwana wathu akuimba ndi bandi pamalo ena omwera mowa ku Parklands. Amuna ena atatu ankasuzumira nawo kumbuyo kwanga. Nditafika kunyumba sindinamufunse kanthu. Ndinalongedza zovala zake m'chikwama n'kumuuza kuti woimba m'mabala sagona pakhomo panga. Iye anati saimba zonyansa ndipo mowa sanaulawepo. Ine ndinangomutsekulira chitseko.

Mukaimba foni ndimati ali kuntchito. Ndikudziwa kuti iyenso akamalankhula nanu amati bambo ali kuntchito, apo ayi bwenzi mutandifunsa kale. Bodza ndi limodzi, koma timalinena tili m'nyumba ziwiri.

Tsono imvani zimene zachitika.

Lolemba pa 21 Julaye, pashopu ya a Jennie pamene ndimasoka ku Montague Gardens, tinalandira ntchito ya zovala 38 za sewero limene amati opera. M'sewero lotere anthu salankhula. Chilichonse amaimba, ngakhale kupempha madzi akumwa. Ili ndi la zilankhulo ziwiri, Chikhosa ndi Chingelezi. Oimba ena anaphunzira kuyunivesite ndipo safuna maikolofoni, ena anakawatenga m'mabandi.

Mapepala a miyezo analibe mayina, anali ndi manambala okha. Papepala la 17 analembapo kuti phewa la kumanzere ndi lotsika ndi inchi imodzi. Ndinaika pensulo pansi. Mukukumbukira Zakiyya atagwa mumtengo wa mango kwa amalume ake ali Sitandade 3? Mayunifolomu ake onse asanu ndi awiri ndinkaikamo kansalu kokweza phewa limenelo. Msinkhu nawo unali womwewo, mainchi 62.

Ndinapempha kuti nambala 17 ndisoke ine. A Jennie anaseka, amvekere kodi a Nasibu ayamba kufunsira akazi apapepala, ukalamba wonsewu? Ndinaseka nawo, n'kutenga pepalalo.

Lachinayi pa 31 Julaye anandituma kukasiya zovala 20 zoyamba kuholo kumene amayeserera. Ndinalowera khomo la kumbuyo n'kuima kuseri kwa chitsulo chopachikapo madiresi.

Amake Zakiyya, anali iyeyo. Kumutu anali atamanga mpango wanu wobiriwira uja.

M'sewerolo iye ndi mtsikana amene watsika basi mumzinda wachilendo ndipo palibe womuchingamira. Ankaimba m'Chingelezi ndi mawu ake okhuthala aja, gitala ndi ng'oma zikumutsatira. Kenako ng'oma zinaleka, mavayolini asanu ndi atatu n'kuyamba. Panatulukira chimunthu cha ku Gugulethu, chopanda maikolofoni, mawu ake ogwedeza malata. Chinamuyankha m'Chikhosa. Chikhosa changa ndi cha m'takisi basi, koma ndinamva bwinobwino mwana wathu atamutchula bamboyo kuti tata. Bamboyo anatambasula manja, iye n'kuthamangiramo.

Mayi woyang'anira sewero sanakhutire. Anati abwereze. Anabwereza kasanu ndi kamodzi, ndinawerenga. Kasanu ndi kamodzi munthu wina anali bambo wa mwana wanga, ine nditanyamula mahang'ala kuseri kwa madiresi.

Sindinadzionetse. M'takisi yobwerera ndinapitirira potsikira panga, mpaka dalaivala anandifunsa ngati madala agona.

Diresi la 17 ndinalisoka masiku atatu. Mukukumbukira kathumba kobisika kamene ndinkasokera m'kati mwa yunifolomu yake ndi ulusi wobiriwira? Tsiku la mayeso ndinkaikamo njere zisanu za mtedza wokazinga, iye n'kumazipeza ali kale m'kalasi. Pachithunzi cha diresili panalibe thumba. Ine ndinasokamo. Mtedza ndinaukulunga m'kapepala kuti mafuta asadetse nsalu. Sindinalembe mawu aliwonse. Diresilo linapita Lachiwiri pa 5 Ogasiti.

Dzana, Lachisanu pa 8, linabwerera. A Jennie analiponya patebulo langa n'kunena kuti pa zovala zonse 38 labwezedwa limodzi lokha, ndipo ndi la munthu amene anachita kulipempha yekha. Anatinso thumba ili analamula ndani, mukuyesa mukusoka zovala za ku maliketi? Ndinapepesa. Mumtima ndinati mwana wakana.

Anthu atapita kokadya ndinapisa chala m'kathumbamo. Mtedza munalibe. Munali tikiti ndi kapepala kanga komwe kaja, Zakiyya atalembapo ndi dzanja lake. Anati phewa ndalikhoza ngati kale, koma m'chiuno ndapanikiza ndi theka la inchi, akulephera kukoka mpweya pa nyimbo yomaliza.

Ndinayang'ananso pepala la miyezo. Linati 29. Ine ndinadula 28 ndi theka, muyezo wa chaka chatha umene uli m'mutu mwanga. Zaka 26 ndikusoka, sindinasiyepo pepala n'kukhulupirira mutu. Mwana wasintha ine kulibe.

Sanalembe kuti bwerani. Sanalembe kuti bambo. Koma tikiti ilipo: Loweruka pa 23 Ogasiti, 3 koloko masana, mzere M, mpando 14. Ndaiika pansi pa mbale yachitsulo ya makina anga osokera kuti isanyowe.

Ndipita. A Ramazani akamva anene zimene anganene. Jekete langa lija ndalichapa kale. Chimene chandivuta ndi chakuti sewero likadzatha ndikaime pati, ndipo ndikayambe ndi mawu ati. Ndayesa kuwalemba m'kabuku kanga ka miyezo, ndang'amba masamba anayi. Kwathu inu ndi amene munkadziwa kulankhula ndi mwanayu. Ine ndinkangomuyeza.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, mundikhululukire. Munandipatsa mwana kuti ndimusunge kuchilendo, ine ndinamutulutsa panja kukuzizira, n'kumakunamizani Eid zitatu. Chachiwiri, mukawerenga musayambe mwaimbira iyeyo. Muimbire ine. Mukalipe mpaka mutope, sindidula foni. Mukamaliza mundiuze mawu oyamba okha, ena otsatira ndidzayesa ndekha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa a Faisal ndi banja lawo, ndiponso kwa amalume ake a Zakiyya. Muwauze kuti mtengo wawo wa mango uja wandithandiza. Allah akusungeni ndipo akupatseni mtima wondimvera.

Theka la inchi lija ndamasula kale, diresi libwerera mawa. Kwa ine atsala masiku 13. A Masoud akafika Loweruka monga ananenera, kwa inu adzakhala atatsala 7.

Ndine mwamuna wanu,
Nasibu