Kapumidwe ka Chilombo Chathu

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tadzuka ndi nkhani yabwino: kanema wathu uja wapambana pa mpikisano.

Paja munkandiseka kuti chilombo chochokera ku nyenyezi sichingapangidwe ndi matiresi akutha. Chinapangika, azakhali. Chitatuluka m'chombo chake, chomwe ndi thanki yakale ya m'galaja mwa abambo, anthu onse m'holo anadzidzimuka. Mayi wina anabisa nkhope m'chikwama. Kenaka chilombocho chinakodwa pa waya, mutu n'kugwa, anthu n'kufa nalo phwete. Asanamalize kuseka, mutu uja unayamba kupuma wokha pansipo, phwete lonse n'kuthera pakhosi. Oweruza anati sanaonepo mantha ndi nthabwala zikuyendera limodzi chonchi.

Aliyense akufunsa makina amene tinapangira kapumidwe koopsa kaja. Ndimangomwetulira. Panalibe makina. Ndinangoika foni pafupi ndi abambo atagona masana. Achimwene anuwo akunyada kwabasi, akuti tsopano ndi katswiri wa kanema, ndipo zakuchipatala sakufuna n'kuzimva komwe.

Chikho tachiika pazenera la kuchipinda kwawo. Mubwere mudzachione, koma musachedwe kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Wamakanema