Zokambirana za M'chigafa

Kaluluma, Kasungu
14 Ogasiti, 1978

Okondedwa akulu anga a Lusiya,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Limbeko. Kuno tadzuka, fodya tinagulitsa, koma mtima wanga suli m'malo. Kalatayi ndapatsira pamanja a Pearson, amene akubwera kwanuko, ku positi ndaopa.

Mukukumbukira gulu lathu lodzipereka louumba njerwa zomangira nyumba ya sikelo ya ana? Mwezi wa Meyi ndinamva kuti apampando athu, a Lameki, ankakumana ndi anzawo atatu m'chigafa cha fodya, n'kupangana zosamutsira nyumbayo kufupi ndi msewu. Ife oponda dothi tinkangouzidwa zothaitha.

Pamsonkhano ndinaimirira n'kunena kuti ntchito ndi ya tonse, nkhani zizikambidwa poyera. A Lameki anati masiku ano anthu amaopa kulankhula pagulu, n'chifukwa chake amayamba apangana pambali. Ine ndinakana, ndinati zobisa zimabala kukayikirana.

Sabata yotsatira kunabwera achinyamata a chipani. Anati amva kuti m'chigafamo mumachitika misonkhano yonyoza boma. Anagwira a Lameki n'kuwakweza m'galimoto ana awo akuona.

Akulu, si ine ndinakanena. Koma andikhulupirire ndani? Ndikafika pachitsime, amayi amadula nkhani. Kutchalitchi benchi yonse ndimakhalapo ndekha. Vera, mnzanga wa paubwana uja, analetsa mwana wake kuponda pakhomo panga. Njerwa zija mbuzi zikungokwerapo.

A Lameki anawatulutsa m'ndende sabata yatha, ataonda, akutsimphina. Dzana anandipeza kudimba. Anati akudziwa kuti si ine, amene anawaneneza ndi mmodzi wa anzawo a m'chigafa omwe aja.

Ndinalira. Ndinawapempha kuti akanene zimenezi pagulu. Anapukusa mutu nati akatero munthu uja akawanenezanso, abwerera komwe achokera, ndipo ulendo uno sadzatulukako. Anandichonderera kuti ndisauze aliyense m'mudzi muno. Ndinayang'ana mwendo wawo wotupa uja, ndipo ndinavomera.

Ndiye ndilibe mlandu, koma odziwa ndi iwo, ine ndi inu basi. Mukawerenga kalatayi muiwotche.

Chonde bwerani mvula isanayambe, ngakhale masiku ochepa. Ndikungofuna munthu mmodzi woti azindipatsa moni anthu akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Elube