Miyezi Inayi ya Amayi

Toledo, Ohio
16 Epulo 2023

Okondedwa achimwene Russell,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Spokane kumeneko. Kuno chisanu chatha, ndipo amayi akudya bwino ngakhale miyendo ikutupabe. Mudabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene mumalankhula naye pafoni Lamlungu lililonse. Nkhaniyi ndayesa kuiyamba kanayi, koma mukangoti “Pulofesa, zikuyenda?” ine ndimayankha kuti zikuyenda.

Mukukumbuka titagulitsa nyumba ya amayi mu 2021, kuti ndalamazo ziziwalipirira kunyumba yosamalira okalamba? Inu mudati ndingoziika ku banki n'kugona tulo. Ine sindidagone. Ndidawerenga milungu isanu ndikulemba m'kope, mosamala ngati mmene ndimayezera magazi kuchipatala. Masheya a makampani ndidawaopa. Msonkho ndidauopanso. Kenaka ndidapeza thumba lina limene limasonkhanitsa ndalama za anthu n'kukongoza mizinda yofuna kumanga sukulu ndi kuyala mapaipi a madzi. Magawo ake amagulidwa pamsika wa masheya, ndipo pa chiwongoladzanja chake boma silidula msonkho. Ndidati mumtima, mzinda suthawa. Ndidaikamo zonse osakuuzani.

Chaka chatha chiwongoladzanja chitakwera m'dziko lonse, ngongole zakale zija zidatsika mtengo, thumba nalo n'kutsika. Ndinkasuzumira pafoni m'mawa, pa nkhomaliro, ngakhale nditaima pamaloboti. Mu Okutobala mtima udandikanika, ndidagulitsa zonse. Patangopita milungu itatu mtengo udayamba kukweranso. Madola 26,000 adapita. Kunyumba kuja timalipira 6,500 pamwezi. Musavutike kuwerengera, ndi miyezi inayi.

Komabe ndinkadzitonthoza kuti pa msonkho pokha ndidawapulumutsa. Mwezi watha ndidatengera mapepala kwa bambo Dombrowski, aja ankalembera malemu abambo za msonkho. Adawatembenuza, n'kuvula magalasi, n'kufunsa amene adandilangiza. Ndidati ndekha.

“Mwana wanga, amayi akowa umawabisa ku msonkho uti? Penshoni yawo ndi yochepa, ndipo zolipira kunyumba ija boma limazichotsa powerengera msonkho. Salipira olo senti. Wagulira ambulera munthu amene ali m'nyumba.”

Adaseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga adasiya n'kunditungira madzi. Adati thumbalo lilibe mlandu, kungoti ndi la anthu a malipiro aakulu amene angathe kudikira zaka zambiri, osati la gogo wolipira mwezi ndi mwezi. M'kope langa muli masamba makumi atatu, achimwene, koma funso loti kodi amayi amalipira msonkho mulibe.

Ndalama zidayenera kufika Khirisimasi ya chaka chamawa. Tsopano zithera mu Ogasiti wa chaka chomwecho. Zikatha, thandizo la boma limalipira chipinda cha anthu awiri basi. Ndidapempha kuti andionetse chimodzi, tepi yoyezera ili m'chikwama. Pakati pa bedi ndi katani pali mainchesi 22. Mpando wa abambo uja, umene amayi adakana kuti ugulitsidwe pamodzi ndi nyumba, ndi mainchesi 34. Ndidayeza katatu.

Loweruka ndidapita kuti ndikawauze. Ndidawapeza pampando womwewo, chikhatho chili paja padasuluka ndi dzanja la abambo. Ndisanatsegule pakamwa, m'chipindamo mudalowa namwino watsopano, amayi n'kumukodola.

“Bwera umuone Noreen wanga. Mchimwene wake amataya makiyi a galimoto injini ikulira, koma uyu ngakhale lisiti la buledi amasunga. N'chifukwa chake ine ndimagona tulo.”

Ndidawawenga zikhadabo, ndidathirira kaduwa kawo ka pawindo, n'kubwerako.

Ndapempha maola owonjezera kuntchito. Ndawerengera, ndipo pofika Ogasitiyo ndidzakhala nditabweza mwezi umodzi ndi theka. Sindikukupemphani ndalama, ndikudziwa kuti mapasa anu onse ali ku koleji.

Pali china chimene sindidauze ngakhale mwamuna wanga. Dokotala adati mtima wa amayi ukufooka, ndipo sangalonjeze chaka china. Ali mkati molankhula, mutu wanga udayamba wokha kuwerenga miyezi, Epulo mpaka Ogasiti wa chaka chamawa, ndipo kwa kamphindi ndidamva kupepukidwa poona kuti ndalama ziwakwanira. Ndidakhala m'galimoto ola lathunthu osailiza. Ndalama zija mwina mungandikhululukire, koma ichi sindikudziwa kuti ndichiika pati.

Pempho langa ndi ili. Mukabwera mu Juni, mudzakhale nane m'chipindamo ndikamadzawauza. Simudzafunika kunena kanthu. Mudzangokhala pomwe angakuoneni, kuti akadzachotsa maso pa ine adzapeze poyang'ana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Denise, muwauze kuti juzi adatumiza ija amayi savula. Moni kwa mapasa, alimbikire mayeso. Amayi akuti ndikuuzeni kuti muzivala chipewa. Ngati m'nyumba mwanu muli ngodya ya mainchesi 34, muiyeze mundiuze, chifukwa kwanga kuno sindingathe kuuyang'ana mpandowo. Ndipo mukaimba Lamlungu, chonde mungonditchula dzina langa, osati Pulofesa.

Ndine mlongo wanu,
Noreen