Utsi wa m'balani la Bambo Stefano

Dowa, Epulo 1958

Kwa Bambo Stefano Chadzunda, kwa Bambo Benjamini Gwaza ndi ana, kwa abale onse ndi anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi,

Ife a Bungwe la Othandiza Odwala a m'Midzi talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Mayi Eveline Gwaza, namwino ndi mzamba wathu, amene atisiya sabata yatha pa ngozi ya ndege yaing'ono imene inkawabweretsa kuchokera ku Lilongwe, kumene anakatenga mankhwala. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mpaka lero mitima yathu ikukanabe kuvomereza.

Malemuwa anatumikira bungwe lino kuyambira pa chiyambi chake. Anayenda pansi ndi panjinga kuchokera ku Dzoole mpaka ku midzi ya kuseri kwa phiri la Ntchisi, kubereketsa amayi, kupereka katemera wa nthomba, ndi kuphunzitsa azamba a m'midzi kuwiritsa lumo asanadulire mchombo. Sanali munthu wonyengerera. Abambo ambiri akukumbukira mmene anawakalipira pamaso pa anzawo chifukwa chochedwa kunyamula mayi wodwala, ndipo abambo omwewo ndiwo analimbirana kunyamula bokosi lawo. Ana otchedwa Eveline m'midzi muno ndi ochuluka kotero kuti aphunzitsi ayamba kudandaula.

Popeza pakumveka zonena zambiri, tiyenera kufotokoza zimene zinachitika. Pa bwalo lathu laudzu, ndege ikamayembekezeka, timasonkha moto wa masamba aawisi kuti woyendetsa aone utsi, adziwe pamene pali bwalo ndi kumene mphepo ikulowera. Tsikulo nkhungu inaphimba mapiri, mvula yamawawa inazimitsa motowo, ndipo amene anali pabwalo anayesetsa kuuyatsanso koma nkhuni zinakana. Utsi wokha umene unatulukira pamwamba pa nkhungu unali wa m'balani la Bambo Stefano, bambo wawo wa malemuwa, amene ankafukiza fodya wawo kutsidya kwa dambo, monga achitira mlimi aliyense nyengo ino. Woyendetsa ndege anatsika molunjika utsiwo, phiko linakodwa m'mitengo, ndege n'kugwa m'mbali mwa phiri. Iyeyo anavulala ndipo ali m'chipatala. Mayi Gwaza anamwalira anthu asanawafikitse kumsewu.

Bambo Stefano, tikulankhula ndi inu tsopano. Titabwera kudzakupepesani tinakupezani mutakhala pakhomo pa balani lozizira, ndipo munatiuza kuti, "Mwana wanga ndamuitana ndine. Utsi unali wanga. Moto umenewu sindidzayatsanso." Apongozi anu, Bambo Benjamini, anakuyankhani misozi ili m'maso kuti, "Bambo, ine ndataya mkazi, musandiwonjezere maliro ena. Adzukulu anuwa akuyang'ana inu." Tamva kuti kuyambira tsikulo simukudya bwino, fodya wayamba nguwi m'balanimo, ndipo mukukana kuti wina aliyense alowemo.

Tikunena poyera, kuti amve ndi amene akunong'ona kuzitsime ndi kumisika, kuti pa imfa imeneyi palibe mlandu wanu. Utsi wa fodya unayamba kufuka m'mapiri muno ndege isanadziwike, ndipo mlimi amene angazimitse moto pa tsiku la chinyezi ndiye kuti waoletsa thukuta lake la chaka chonse. Inu munachita zimene munachita chaka ndi chaka, ndipo ndi fodya wa m'balani lomwelo amene munaphunzitsira mwana amene watumikira tonsefe. Woyendetsa ndegeyo, titakamuona, anatipempha kuti tikuuzeni mawu omwewa. Bungwe lagwirizana kuti kuyambira tsopano ndege isamaitanidwe pa tsiku la nkhungu, ngakhale mankhwala atachedwa, ndipo pabwalo paikidwa nsalu zoyera m'malo mwa moto.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, azamba a m'midzi, ndi amayi osawerengeka amene ali moyo lero chifukwa cha manja a malemuwa, tikupereka chipepeso chathu kwa banja lonse, ndipo tikupempha Mulungu kuti akulimbitseni mitima ndi kulandira mzimu wa mtumiki wake mu mtendere.

Maliro n'kulirana, choncho sitithera pa mawu okha. Loweruka likudzali amuna a bungwe lino adzafika kwanu ndi ngolo ya nkhuni zouma. Sitidzakupemphani kuti mugwire machesi, Bambo, pakuti moto tidzayatsa ndife. Koma pakati pathu palibe wodziwa kufukiza fodya ngati inu, ndiye tikupempha kuti mudzakhale nafe pakhomo pa balanilo, muzidzatiuza ngati utsi wakwana.

Ine wanu pa chisoni chimenechi,

Gregorio Kachere
Wapampando, Bungwe la Othandiza Odwala a m'Midzi