Chingwe cha Pansi pa Bedi

Yogyakarta,
Lachiwiri

Achemwali anga a Tukinem,

Muli bwanji kumtundako, inu ndi chifuwa chanu chija? Ine ndilipo, koma mawondo anatha. Ine ndi njinga yanga yonyamula anthu tikukalamba limodzi: iyo ikulira kutsogolo, ine kumbuyo.

Phulusa la phiri lamoto la Merapi lafika mpaka m'mbale kuno. Ndinauza mayi wogulitsa mpunga kuti asathire mchere, phiri lathira kale. Anati ndikadzafa, pakamwa panga padzafunika manda akeake.

Dzulo ndinanyamula bambo wina wa ku ofesi yoyang'anira phiri. Anandionetsa pepala lokandikakandika ngati papalasa nkhuku. Akuti kamzere kalikonse ndi chivomezi, ndipo pa tsiku akuwerenga mazana. Akuti chiphalaphala chamoto chikukankha kuchokera m'mimba mwa phiri n'kumaunjikana pansonga ngati chithupsa, ndiye kugwedezeka mukumvako ndi chithupsacho chikukula. Ndinati tingoitana achemwali anga, anandifinyapo china pamalo osatchula. Sanaseke. Anangofunsa dzina la mudzi wathu. Potsika anati chithupsacho chikadzagumuka, mtambo wotentha udzatsata chigwa chathu chija, pa liwiro loposa la njinga yamoto. Chigwacho chili kuseri kwa khola lanu.

Aneba anu a Sarju andiuza kuti mwathawa katatu kusukulu kumene akusunga anthu othawa phiri, kubwerera ku ng'ombe. Akutinso nyumba ikagwedera mumati ndi Wagimin ameneyo, kunena ine. Ndavomera, ndinamanga chingwe kumwendo wa bedi lanu n'kumakoka ndili panja, ndikukuwa kuti chivomezi, inu n'kuthawa nsalu ili m'manja. Koma Achemwali, papita zaka makumi asanu.

Pempho langa ndi limodzi. Lachinayi kukubwera lole yotsitsa ziweto. Kwezani ng'ombeyo, inunso mukwere. Udzu wake ndidzasaka ndine, ndi mawondo omwewa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tinabadwa asanu ndi awiri, tatsala awiri, ndipo ndatopa kupalasa njinga khosi lili kumpoto, kuphiriko.

Moni kwa msuweni wathu Parjiyem ndi adzukulu ake, ngati sanatsike. Moninso kwa ng'ombeyo, poti mumaikonda kuposa ine.

Bedi likagwederanso musasuzumire pansi. Palibe chingwe. Ine ndili kuno.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,
Wagimin